Colowa Cocokera kwa Amai Okha

Mau amene anakambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi, pa nthawi ya phunziro la Cilengedwe



Mphunzitsi ali yense amene anaimapo pamaso pa ana a makalasi a pamwamba kuwaphunzitsa za ciyambi ca moyo wa munthu adziwa mau aja olembedwa pa bolodi caka ndi caka, akuti mwana alandira theka la cibadwa cace kwa atate wace ndi theka lina kwa amace. Mau amenewa ngoona, ndipo palibe cifukwa ca kuwafafaniza. Komatu pali kanthu kamodzi kakang'ono kamene sikamvera lamulo limeneli. M'thupi la munthu ali yense, mwamuna kapena mkazi, muli colowa cina cimene iye analandira kwa amace okha, ndipo amacewo anacilandira kwa amai ao, kubwerera m'mbuyo mibadwo yosawerengeka. Atate naonso ali naco colowa cotere, ndipo mbeu yao imafika naco m'kati mwa dzira. Koma dziralo limaciononga m'masiku oyamba, mwanayo asanakhale ndi mutu kapena mwendo.

Nkhaniyi iyenera kufika kwa aphunzitsi cifukwa mabuku ambiri anaifotokoza molakwa kwa zaka zambiri, ndipo ena a mabukuwo akali m'makabati a sukulu. Iwo anena kuti mbeu ya mwamuna ikafika pa dzira, mutu wace wokha ulowa, zotsala zonse nizigwera kunja. Mphunzitsi wokhulupirika amene atsata buku lotere apatsa ana yankho loona lomangidwa pa maziko abodza, ndipo mwana amene adzapitirira maphunziro adzazindikira tsiku lina kuti ananamizidwa. Cifukwa cace nkwabwino kuiyamba nkhaniyi pa tsinde pace.

Ng'anjo za m'selo

Thupi la munthu lamangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono tochedwa maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Maselowa saoneka ndi maso, koma ndi galasi lokuza zinthu lochedwa maikulosikopu. Pakati pa selo pali phata lace, ndipo m'phatamo asungidwa malangizo a cibadwa, olembedwa pa kaulusi kochedwa DNA. Malangizowa amangidwa m'timitolo 46, ndiye kuti 23 tocokera kwa atate ndi 23 tocokera kwa amai. Apa ndipo pagona lamulo lija la theka ndi theka.

Kunja kwa phata, m'madzi a selo, muli tinthu tina tambirimbiri tochedwa mitochondria. Dzinali linapekedwa m'caka ca 1898 ndi Carl Benda wa ku Germany, amene anaphatikiza mau awiri a Cigiriki otanthauza ulusi ndi kanjere. Ndipo iye anationa tinthuti pamene anali kuyang'ana m'mene mbeu ya nyama yamphongo ipangikira. Nchito ya mitochondria ifanana ndi ya ng'anjo. Nsima imene munthu adya isanduka shuga m'magazi, mpweya umene apuma ubweretsa okosijeni, ndipo mitochondria itentha cakudyaco pang'onopang'ono, niturutsa mphamvu yoyendetsera thupi lonse. Maselo a mtima, a ubongo ndi a minofu, amene agwira nchito kosalekeza, ali nayo mazana ngakhale zikwi.

Codabwitsa ncakuti ng'anjozi ziri ndi malangizo aoao. M'caka ca 1963 Margit Nass ndi Sylvan Nass, ku Stockholm, anaona timaulusi ta DNA m'kati mwa mitochondria ya mwanapiye wa m'dzira. M'caka ca 1981 akatswiri a ku Cambridge, m'nyumba ya nchito ya Frederick Sanger, anawerenga DNA imeneyi ya munthu kufikira kumapeto. Anapeza kuti ndi kamphete ka zilembo 16,569, kokhala ndi mitu ya malangizo 37. Mitu yotereyi akatswiri aicha majini, dzina limene mphunzitsi ayenera kulisiyanitsa bwino ndi majini a mizimu amene ana amva kumudzi. Majini 37 ngocepa powayerekeza ndi a m'phata, amene afika ngati 20,000. Koma popanda iwo ng'anjo siyaka.

Pali cinanso coyenera kucigwira bwino. Selo silingaumbe mitochondria yatsopano popanda yakale; yatsopano ibadwa pamene yakale ikula nigawika pawiri. Ziri monga moto wa pamudzi pamene panalibe macesi: amene moto wamzimira akapala kwa mnzace. Cotero funso ndi ili: moto woyamba wa mwana upalidwa ku nyumba ya yani?

Umboni wa nyuru

Yankho loyamba lomveka pa nyama zoyamwitsa linacokera kwa aburu ndi akavalo. Buru wamphongo ndi kavalo wamkazi abala nyuru, ndipo kavalo wamphongo ndi buru wamkazi abala nyama ina yofanana nayo. M'caka ca 1974 Clyde Hutchison ndi anzace, ku America, anayesa DNA ya mitochondria ya nyama ziwirizi. Nyuru, imene mace ndi kavalo, inali ndi ya kavalo. Inzace ija, imene mace ndi buru, inali ndi ya buru. Ya atate sinaoneke m'nyama iri yonse. M'caka ca 1980 Douglas Wallace ndi anzace, ku Stanford, anayesa magazi a mabanja a anthu napeza zomwezo: ana onse, amuna ndi akazi, anatsata amai ao.

Pamenepo anthu anayamba kufuna cifukwa cace, ndipo ambiri anagwira yankho lapafupi. Mbeu ya mwamuna iri ndi zigawo zitatu: mutu, umene usenza timitolo 23 tija, khosi, ndi mcira wosambira nao. Mitochondria yace, imene m'nyama zoyamwitsa ikhala ngati 50 kufikira 75, yazinga khosi lija monga cilambe cizinga mtengo. Anthu anati: ngati mutu wokha ulowa m'dzira, ndiye kuti khosi ndi mitochondria yace zitsala kunja, ndipo mlandu watha.

Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Kale m'caka ca 1965 Daniel Szollosi anayang'ana mazira a makoswe ndi maikulosikopu yamphamvu kwambiri, naona khosi la mbeu liri m'kati mweni mweni mwa dzira, mitochondria yace iri kutupa ndi kufumbutuka. M'caka ca 1996 Friderun Ankel-Simons ndi Jim Cummins analemba nkhani yodzudzula mabuku amene anali kubwerezabe colakwaco. Iwo anasonyeza kuti mwa anthu ndi mwa nyama zoyamwitsa pafupifupi zonse mbeu ilowa yathunthu, mutu, khosi ndi mcira womwe. Anachula kanyama kamodzi ka mtundu wa mbewa ka ku China, kamene mcira wa mbeu yace utsaladi kunja. Koma lamulo la zinyama zonse silingatengedwe pa kanyama kamodzi.

Ena anati nkhani yagona pa kucuruka. Dzira la mkazi liri ndi timphete ta DNA ya mitochondria toposa 100,000, ndipo zimene mbeu ibwera nazo ziri ngati dontho la inki m'mgolo wa madzi. Kusiyana kumeneku nkoona, koma sikumaliza mlandu. M'caka ca 1991 Ulf Gyllensten ndi anzace anakwatitsa mbewa za mitundu iwiri yosiyana, napeza kuti DNA ya mitochondria ya atate inapulumuka pang'ono mwa ana. M'caka ca 1995 akatswiri a ku Japan anasonyeza kuti mbewa zikakhala za mtundu umodzi, DNA ya atateyo izimirira msanga, koma zikakhala za mitundu iwiri itsala. Dontho ndi lomwelo, mgolo ndi womwewo, koma mathero ngosiyana. Ici cinasonyeza kuti dzira lizindikira mlendoyo ndi kucita naye kanthu, ndipo kuti lilephera kumzindikira akakhala wa mtundu wacilendo.

Cizindikiro ca pa mtengo

Munthu wofuna kuswa mphanje ayamba wayendera thengo ndi nkhwangwa, nasema cizindikiro pa mitengo yoyenera kugwa, kuti odula asagwetse ndi ya zipatso yomwe. Selo nalonso liri ndi cizindikiro cotere. Ndi kapuloteni kakang'ono kochedwa ubiquitin, kamene kamamatidwa pa cinthu ciri conse ca m'selo cimene nthawi yace yatha. Amene anatulukira nchito ya kapuloteni kameneka, Aaron Ciechanover, Avram Hershko ndi Irwin Rose, analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2004.

M'caka ca 1999 Peter Sutovsky, Gerald Schatten ndi anzao, ku Oregon, anayang'ana mazira a ng'ombe ndi a anyani ochedwa rhesus mbeu italowamo. Anaona kuti mitochondria ya atate inali ndi cizindikiro cija, koma ya dziralo inalibe. Kafukufuku wao anasonyezanso kuti cizindikiroco cimamatidwa mbeu ikali kupangika m'thupi la yamphongo, cikhala cobisika pa ulendo, nicionekeranso m'kati mwa dzira. Dzira likalandira mbeu ligawika kukhala maselo 2, kenaka 4, kenaka 8; ndipo m'ng'ombe, pofika pa maselo 8, mitochondria ya atate ikhala itatha. Koma pamene iwo anapatsa dzira la ng'ombe yoweta mbeu ya gaur, ndiyo ng'ombe ya kuthengo ya ku Asia, cizindikiro sicinaoneke, ndipo mitochondria ya atate inakhalitsa. Zimenezi zinagwirizana ndi zija za mbewa.

Thumba ndi dzala

Cizindikiro cokha sicigwetsa mtengo; payenera kukhala odula ndi otuta. Kuti awaone amenewa pa nchito, akatswiri anatembenukira kwa kanyongolotsi ka m'dothi kochedwa Caenorhabditis elegans. Kutalika kwace ndi milimita imodzi, ndipo thupi lace ndi mazira ace zionekera m'kati ngati galasi, kotero kuti munthu angathe kupaka mitochondria ya yamphongo utoto wowala ndi kuilondola ndi maso pa maikulosikopu.

M'caka ca 2011 magulu awiri, osagwirira nchito pamodzi, analengeza cinthu cimodzi: Miyuki Sato ndi Ken Sato a ku Yunivesite ya Gunma ku Japan, ndi gulu la Vincent Galy ku Paris. Iwo anaona kuti mbeu itangolowa, dzira liyamba kuluka timatumba kuzungulira mitochondria ya atate. Kathumba kakatsekeka, kapita kukaphatikana ndi kathumba kena kochedwa lysosome, kamene kali ndi madzi osungunula. M'menemo mlendo asungunuka, ndipo zidutswa zace zibwezedwa ku selo kuti zimangire zina. Ndilo dzala la selo, kumene zinyalala za lero zisanduka manyowa a mawa. Pofika pa maselo 16, mitochondria ya atate inali itatha pafupifupi yonse. Koma pamene akatswiriwo analemaza majini oluka timatumbato, inatsala mpaka kanyongolotsi kataswa.

Njira imeneyi iri ndi dzina la Cigiriki, autophagy, ndiko kunena kudzidya. Selo liri lonse liigwiritsa nchito posesa m'nyumba mwace, makamaka pa nthawi ya njala. Ndipo Yoshinori Ohsumi wa ku Japan, amene anapeza majini ace poyesa yisiti, analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2016. Caka comweco David Chan ndi anzace, ku California, anasonyeza kuti m'mbewa muli mapuloteni awiri, PARKIN ndi MUL1, amene amata ubiquitin pa mitochondria ya atate kuti timatumba tiipeze. Onse awiri akacotsedwa, mlendo akhalitsa. Cotero cizindikiro ndi thumba ndi mbali ziwiri za nchito imodzi.

Mlendo ndi mame

Akuru anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Ndipo kwapezeka kuti mlendo uyu athandiza yekha kukamuka kwace. M'caka ca 2016 Ding Xue ndi anzace, a ku Yunivesite ya Colorado, anayang'anitsitsa mitochondria ya atate m'mazira a kanyongolotsi kaja. Anaona kuti iyamba kugumuka m'kati thumba lisanaitsekere. Mitochondria iri ndi zikopa ziwiri, ca kunja ndi ca m'kati, ndipo pakati pa zikopazo pakhala puloteni yodula DNA, yochedwa CPS-6. Mbeu ikalowa m'dzira, cikopa ca m'kati cing'ambika, wodulayo nalowa kumene kuli timphete ta DNA, natiduladula.

M'zamoyo zina nchitoyi iyamba mbeu isananyamuke nkomwe. Steven DeLuca ndi Patrick O'Farrell, ku San Francisco, anasonyeza m'caka ca 2012 kuti m'tinchenche tija tobwera pa zipatso zakupsa, DNA ya mitochondria icotsedwa mbeu ikali kukhwima m'thupi la yamphongo. Ndipo m'caka ca 2023 gulu la Dmitry Temiakov ku Philadelphia, pamodzi ndi la Shoukhrat Mitalipov ku Oregon, linalengeza za munthu mwini. Anapeza kuti mitochondria ya m'mbeu yokhwima ya mwamuna iribe DNA yathunthu. Cifukwa cace ncakuti puloteni yochedwa TFAM, imene ikulunga ndi kusunga timphete tija, pa nthawi ya kukhwima kwa mbeu siitumizidwa ku mitochondria ai, koma ku mutu. Ndipo timphete tosowa mlonda tionongeka. Ng'anjo ziripo pa khosi la mbeu, koma malangizo omangira zina kulibe.

Apa mphunzitsi aone kuti mpanda suli umodzi. Woyamba ndi kucotsa malangizo mbeu isananyamuke. Waciwiri ndi kucepa kwa zimene mbeu ibwera nazo pamaso pa zocuruka za dzira. Wacitatu ndi kugumuka kwa m'kati. Wacinai ndi cizindikiro ndi thumba. Zamoyo zisiyana pa mpanda umene zidalira koposa, ndipo pa mbewa akatswiri atsutsanapo, pakuti gulu lina la ku China linalemba m'caka ca 2013 kuti mbeu zofika pa dzira zambiri zikhala zitataya kale DNA yao, ndi kuti thumba siliri lofunika kwenikweni. Koma kutsutsanaku nkwa njira, osati kwa mathero.

Cifukwa ninji khama lotere?

Mwana wocenjera adzafunsa kuti: dzira livutikiranji cotere kuthamangitsa kanthu kakang'ono? Akatswiri apereka zifukwa zitatu.

Coyamba, ng'anjo iturutsa nthethe. Mitochondria ikamatentha cakudya iturutsanso tinthu toononga DNA, ndipo mbeu ya mwamuna, imene iyenda ulendo wautali, iribe zida zambiri zokonzera zoonongekazo. Ncanzeru kuti mwana asayambe moyo ndi ng'anjo zotopa za pa ulendo.

Caciwiri, atambala awiri salira m'khola limodzi. Mitochondria imangidwa ndi mapuloteni oposa 1,000, ndipo 13 okha ndiwo alembedwa pa kamphete kace. Otsala onse malangizo ao ali m'phata. Cotero phata ndi kamphete ziyenera kumvana ngati mmisiri ndi womthandiza. M'caka ca 2012 gulu la Douglas Wallace yemwe uja linabala mbewa zokhala ndi mitundu iwiri ya DNA ya mitochondria m'thupi limodzi. Mtundu uli wonse pa wokha unali wabwino, koma mbewa zosanganizazo zinali zaulesi, zosadya bwino, zamantha, ndi zocedwa kuphunzira.

Cacitatu, ngati mitundu iwiri ikhala m'selo limodzi, ipikisana. Ndipo wopambana angakhale amene aswana msanga, osati amene agwira nchito bwino. Kamphete kodukaduka kangathe kucurukana mofulumira kuposa kathunthu, monga kaufiti m'munda wa cimanga. Kulandira kwa kholo limodzi lokha kucepetsa mpikisano wotere.

Kuti nkhaniyi si yamasewera kunaoneka pa tinyongolotsi ta Ding Xue. Pamene iye anacedwetsa kucotsedwa kwa mitochondria ya atate, mazira ofa asanaswe anacuruka. Ndipo m'caka ca 2024 gulu lace linalengeza kuti ngakhale tinyongolotsi topulumuka tinakula tosakumbukira bwino ndi tofooka pa kubalana.

Pamene mpanda ubooka

Lamuloli nlolimba, koma mphunzitsi asanene kuti silinaswekepo. M'caka ca 2002 madotolo awiri a ku Copenhagen, Marianne Schwartz ndi John Vissing, analemba za mwamuna wa zaka 28 amene ciyambire ubwana wace sanali kutha kuthamanga ngakhale pang'ono. Poyesa minofu yace anapeza kuti magawo 90 pa 100 a DNA ya mitochondria yace anali ocokera kwa atate wace, ndipo munali cilema. Koma m'magazi mwace munali ya amace. Munthu ameneyu ndiye umboni womveka koposa wa kubooka kwa mpanda mwa anthu.

M'caka ca 2018 madotolo a ku Cincinnati analengeza kuti apeza anthu 17 m'mabanja 3 okhala ndi DNA ya mitochondria ya makolo onse awiri, ndipo manyuzipepala anafalitsa kuti lamulo lagwa. Koma m'caka ca 2020 Patrick Chinnery ndi anzace, ku Cambridge, anayesa mabanja 11,035, lililonse la atate, amai ndi mwana. Anapeza mabanja 7 ooneka cimodzimodzi, nasonyeza kuti mwa iwo zidutswa za DNA ya mitochondria zinalowerera kale m'phata, nizipatsiridwa pamodzi ndi timitolo ta atate. Zinali zithunzi za kamphete zosungidwa m'phata, osati ng'anjo za atate. Phunziro lace kwa ana nlakuti nkhani yatsopano iyenera kudikira kuyesedwa kaciwiri.

Ndiponso lamuloli si la zamoyo zonse. Nkhaka ndi nthoci zilandira mitochondria kucokera ku mbali yamphongo, ndiyo ufa wa duwa. Ndipo m'nkhono zina za m'nyanja yamcere, zochedwa Mytilus, ana amphongo asunga ya atate pamodzi ndi ya amai.

Zimene mphunzitsi angapite nazo ku sukulu

Phunziroli silifuna maikulosikopu. Mphunzitsi ajambule pa bolodi agogo akazi, ana ao amuna ndi akazi, ndi adzukuru. Apatse agogowo coko cofiira, ndipo ana a sukulu alondole okha kumene kufiirako kupita. Adzaona kuti ana onse a agogo akulandira, koma ana akazi okha ndiwo akupitiriza. Mwana wamwamuna alandira moto wa amace naotha moyo wace wonse, koma ana ace apala kwina.

Ana a Acewa ndi a Ansenga adzazindikira cithunzici msanga, pakuti cifanana ndi m'mene kwao awerengera a bele limodzi: munthu, abale ndi alongo ace, amace, ndi atsibweni ace, onsewo ali ndi kamphete ka mtundu umodzi, koma ana a atsibweniwo alibe. Fanizoli nlothandiza, koma lisapitirire malire ace. M'kalasi momwemo muli ana a Angoni, amene kwao mwana awerengedwa ku cimuna, ndipo maselo ao acita cimodzimodzi ndi a anzao. Selo siliweruza mwambo wa mtundu uli wonse. Ndipo mwana asaturuke m'kalasi ndi maganizo akuti atate ngocepa: theka la majini a m'phata ndi lao, ndipo ngakhale ng'anjo zimene amai apereka zimangidwa ndi kukonzedwa ndi malangizo amene theka lace linacokera kwa atate.

Pali mbali inanso yokhudza moyo wa pamudzi. Nthenda zina zitsata mzere wofiira uja. M'caka ca 1988 kunapezeka kuti khungu lina lochedwa ndi dzina la Leber, limene ligwera makamaka anyamata ndi kuwalanda kupenya m'milungu kapena miyezi yowerengeka, licokera ku cilembo cimodzi colakwika pa kamphete. Mwamuna wodwala nthendayi sapatsira ana ace, koma mlongo wace, ngakhale apenya bwino, angathe kupatsira ace. M'caka ca 1993 kunapezekanso cilembo cina cimene cicititsa munthu kugontha akalandira mankhwala a mtundu wa streptomycin kapena gentamicin. Mankhwalawa apulumutsa miyoyo yambiri, ndipo mphunzitsi asauze munthu kuti awakane. Koma ngati m'banja, ku cikazi, alipo amene anagontha atalandira jekeseni, dotolo ayenera kuuzidwa asanayambe kupereka mankhwala, kuti iye aweruze.

Nzeru imeneyi ingathe kumanga, ndipo ingathenso kupasula. Munthu wakumva theka la nkhani angapite kwao kukaloza cala mkazi wace kuti nthenda ya mwana yacokera kwa iye. Mphunzitsi ayenera kutseka khomo limeneli pophunzitsa. Nthenda zotsata kamphete nzosowa. Nthenda zambiri za cibadwa, ngakhale zambiri za mitochondria yomwe mwa ana ang'ono, zicokera ku majini a m'phata amene atate ndi amai apereka onse awiri. Ndipo palibe mai amene anasankha kamphete kamene anabadwa nako. Kumene banja liona khungu kapena kugontha kubwerezabwereza mwa a bele limodzi, anthu safulumira kuganiza za maselo, koma za mfiti, ndipo kawirikawiri wonamiziridwa ndi nkhalamba ya m'banja momwemo. Mphunzitsi amene angathe kujambula mzere uja pa dothi ndi kamtengo, ndi kulangiza banjalo kupita ku cipatala, acita nchito yoposa ya m'kalasi.

Cotsiriza ndi buku lija la m'kabati. Lisatayidwe, pakuti zambiri za m'menemo nzoona. Koma pa tsamba limene linena kuti mcira utsala kunja, mphunzitsi alembe m'mphepete ndi pensulo kuti mbeu ilowa yathunthu, ndi kuti dzira licotsa mitochondria yace. Ndipo awasonyeze ana zimene walembazo, nawauze ndi zaka zace, 1965, 1999, 2011 ndi 2023. Ana amene aona mphunzitsi wao akonza buku pamaso pao aphunzira zinthu ziwiri tsiku limodzi: m'mene moyo wao unayambira, ndi m'mene anthu afikira pa kudziwa zoona, ndiko kubwerera kukayang'ananso.